Heyne wa ku Göttingen: mwana wa wowomba nsalu amene anasunga laibulale pafupifupi zaka 50

Wachilatini:
Moni nonse pa gulu pano. Lero ndabwera ndi nkhani ya Christian Gottlob Heyne, Mjeremani amene anali pulofesa wa Chilatini ndi Chigiriki pa yunivesite ya Göttingen, komanso mkulu wa laibulale ya pomwepo, kuchokera mu 1763 mpaka imfa yake mu 1812. Ife amene tinawerengako Virgil, mlakatuli wakale wa Chiroma, dzina la Heyne timalidziwa chifukwa limapezeka m'munsi mwa masamba, pamene akatswiri amamasulira mizere yovuta. Koma ine ndimati ntchito yake yaikulu inali ya m'mashelefu, ndipo ndikufuna timve maganizo a ena pa mfundo imeneyi. Ndiyambe ndi kumene anachokera.

Anabadwa pa 25 Sepitembala 1729 ku Chemnitz, m'dera la Saxony. Bambo ake anali wowomba nsalu. Mwiniwake anasimba atakula kuti ankaona mayi ake akulira Loweruka madzulo nsalu zikalephera kugulidwa, poti ndalama yogulira chakudya cha ana panalibe. Chilatini anachiyamba chifukwa mmodzi mwa anthu amene anamuimirira pa ubatizo anavomera kumalipira kandalama kochepa sabata iliyonse. Wina, yemwe anali m'busa, ndiye anamulipirira kusekondale. Mu 1748 analowa yunivesite ya Leipzig ali chimanjamanja, ndipo zaka zake kumeneko zinali za njala yeniyeni.

Kenako m'busa wina wa ku Leipzig atamwalira, Heyne analemba ndakatulo ya maliro m'Chilatini. Ndakatuloyo inafika m'manja mwa Heinrich von Brühl, nduna yaikulu ya Saxony, amene ananena kuti akufuna kuonana ndi mlembi wake. Mnyamatayo anapita ku Dresden ndi chiyembekezo chachikulu, koma anangolandira malonjezo. Anadikira miyezi yambiri, akugona pansi m'chipinda cha mnzake, mabuku akuluakulu ali mtsamiro. Mu 1753 ndi pamene anamupatsa ntchito yokopera zolembedwa mu laibulale ya ndunayo, malipiro ake ma thaler (ndalama ya nthawiyo) 100 pachaka.

Mwana_wa_telala:
Aphunzitsi, nkhani ya mayi akulira Loweruka yandigwira mtima, chifukwa kwathunso tinakulira pa makina osokera ndipo kasitomala akapanda kubwera kudzatenga zovala zake tinkadziwa tanthauzo lake. Koma ndifunse, munthu wokopera mapepala anafika bwanji pa upulofesa? Pakati apa pali mtunda wautali.

Wachilatini:
Achemwali, ali pa ntchito yonyozekayo anatulutsa mabuku awiri. Mu 1755 anasindikiza ndakatulo za Tibullus, mlakatuli wa Chiroma, pamodzi ndi ndemanga zake, ndipo mu 1756 anachita chimodzimodzi ndi kabuku ka Epictetus, woganiza mozama wa Chigiriki. Kwawo sanamulabadire kwenikweni, koma ku Leiden, m'dziko la Netherlands, katswiri wina dzina lake David Ruhnken anawerenga n'kusunga dzinalo mumtima.

Chaka chomwecho cha 1756 kunabuka nkhondo ija inatha zaka 7, ndipo malipiro ake anasokonekera. Mu 1760 asilikali a Prussia anaphulitsa mzinda wa Dresden ndi mizinga. Katundu yense wa Heyne anapsa, kuphatikizapo buku la zolemba za Lucian, mlembi wakale wa Chigiriki, limene anali atatsala pang'ono kulimaliza. Anakwatira Therese Weiss mu 1761 onse awiri alibe chilichonse.

Mu 1761 momwemo ku Göttingen kunamwalira Johann Matthias Gesner, amene anali pulofesa komanso woyang'anira laibulale woyamba. Göttingen inali pansi pa boma la Hanover, ndipo nduna ya kumeneko yoyang'anira yunivesite, Gerlach Adolph von Münchhausen, inapempha Ruhnken kuti abwere. Ruhnken anakana, n'kuwauza kuti munthu woyenera ali kwawo konko ku Germany, ndiye Heyne. Mu 1763, ali ndi zaka 33, anakayamba ntchito.

Nasibeko:
Zikomo aphunzitsi. Ine ntchito yanga ndi ya mu laibulale ya pasukulu, ndiye ndiloleni ndilowe pamene pakundikhudza. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anapeza mabuku pafupifupi 60,000 ndipo pomwalira anasiya pafupifupi 200,000. Anthu amadabwa ndi chiwerengerocho, koma kwa ife a ntchitoyi chodabwitsa ndi momwe ankagulira. Malaibulale ambiri a nthawi imeneyo ankakula mwangozi: mfumu ikapereka mphatso, pulofesa akamwalira n'kusiya mabuku ake, kapena wina akagula buku losowa kuti alendo azilisirira. Ku Göttingen ankagula chaka ndi chaka, mwadongosolo, mabuku atsopano ofunika pa phunziro lililonse, kaya ndi zamankhwala, zamalamulo, masamu kapena mbiri ya maulendo. Heyne ankawerenga yekha mindandanda ya ogulitsa mabuku ndi ya misika yobetcherana mitengo, n'kumalemba makalata kumayiko ambiri. Popeza mfumu ya Hanover inalinso mfumu ya Britain, njira ya ku London inali yotseguka, ndipo mabuku a Chingerezi ankafika ochuluka kuposa m'malaibulale ena a ku Germany. Kuchokera ku St Petersburg, dokotala wina amene anaphunzira pa Göttingen, Georg Thomas von Asch, ankatumiza mabuku, mapu ndi zolemba pamanja za ku Russia ndi ku Asia kwa zaka zambiri.

Chachiwiri ndi makaundula. Buku likafika linkalembedwa m'kaundula wa zolowa, kenako m'kaundula wotsata mayina a alembi mwa alifabeti, ndiponso m'kaundula wotsata maphunziro, amene ankagwirizana ndi malo a bukulo pa shelefu. Atatuwa ankalozerana. Munthu wodziwa dzina la mlembi ankalipeza buku, wodziwa mutu wa nkhani yokha ankalipezanso. Lero tikudina pa kompyuta timaona ngati n'zachibadwa, koma zonsezi ankalemba pamanja m'mabuku akuluakulu, ndipo kukonzanso kaundula wa alifabeti kunatenga zaka zoposa 10.

Mabuku opanda kaundula ali ngati chimanga chothiridwa m'nkhokwe yopanda khomo. Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene makatoni a mabuku a mphatso anakhala osatsegulidwa mpaka chiswe chinalowa, chifukwa panalibe amene anapatsidwa nthawi yowalemba. Choncho ndikamva za pulofesa wotchuka amene ankakhala pansi n'kumatsatira yekha za kaundula, ndimamupatsa ulemu waukulu.

aNgozo:
Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa kuti munthuyu anali wakhama. Koma tisamusenzetse denga yekha. Mwambo wobwereketsa mabuku kwa ophunzira unayamba nthawi ya Gesner. Ndalama zogulira mabuku chaka ndi chaka ankaziteteza ndi Münchhausen ku Hanover, munthu amene anaikonda yunivesiteyo kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1737 mpaka imfa yake mu 1770. Mukapatsa woyang'anira laibulale aliyense wanzeru boma lotere, adzachita zazikulu. Ndipo makaundula mukuwatamawo analemba ndi manja a anthu ena, makamaka wothandiza wake mu laibulale, Jeremias David Reuss.

Palinso nkhani ina imene sitiyenera kuibisa. Mkazi wake woyamba atamwalira mu 1775, Heyne anakwatira Georgine Brandes mu 1777. Bambo a Georgine, Georg Friedrich Brandes, anali mkulu wa ku Hanover amene nkhani za yunivesite zinkadutsa pa tebulo lake, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inapita kwa mwana wawo Ernst. Blumenbach, pulofesa wotchuka wa zamankhwala pa Göttingen pomwepo, anakwatira m'banja lomwelo la Brandes. Reuss anali mkamwini wa Heyne. Arnold Heeren, pulofesa wa mbiri yakale amene analemba mbiri ya moyo wa Heyne mu 1813, analinso mkamwini wake. Ndiye zambiri zokoma zimene tikudziwa za iye zinachokera m'cholembera cha mkamwini. Zoterezi zikachitika masiku ano timazitchula kuti kukondera achibale.

Mlendo_ku_Kassel:
Madala aNgozo mwanena zoona, ndipo akatswiri a mbiri kuno sabisa kuti Göttingen ya nthawi imeneyo inkayendetsedwa ndi mabanja ochepa okwatirana okhaokha. Ine ndimaphunzira ku Kassel, ndipo pa sitima yothamanga Göttingen ndi pafupi kwambiri, choncho ndimapitako kukawerenga. Ndingowonjezera kuti mphamvu zimenezo zinagwira ntchito pa nthawi yoopsa. Mu 1807 mzindawu unalowa mu ufumu wa Westphalia, umene Napoleon anapatsa mng'ono wake Jérôme, likulu lake kuno ku Kassel. Boma limenelo linatseka mayunivesite a Helmstedt ndi Rinteln. Göttingen inapulumuka, ndipo Heyne, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, anali mmodzi mwa amene ankalemba makalata ndi kuchonderera akuluakulu kuti yunivesite ndi ndalama zake zisakhudzidwe.

Komanso kupulumuka kumeneko kunali ndi mbali yake yowawa. Mabuku a malo otsekedwa ankatumizidwa ku Göttingen. Baibulo la Gutenberg, amene anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Ulaya, losindikizidwa pa zikopa, limene lero ndi chuma chachikulu cha laibulaleyi, linachokera ku Helmstedt mu 1812. Chaka chomwecho holo ya m'tchalitchi chakale cha Paulinerkirche inakhala malo a mabuku. Tchalitchicho chinaphulitsidwa ndi mabomba mu 1944 ndipo anachimanganso. Nyumba imene Heyne ankakhala idakalipo mu msewu wa Papendiek, moyang'anizana ndi laibulale yakaleyo.

Nasibeko:
ANgozo, za Gesner ndi Münchhausen ndikuvomera. Koma ndalama pazokha sizisankha buku. Ndaonapo malo amene bajeti inalipo, n'kuthera pa mabuku okongola a pa shelefu ya bwana pamene ana akulimbirana buku limodzi la sayansi. Kusankha bwino kwa zaka pafupifupi 50 osatopa, pa maphunziro amene si ako, imeneyo ndi ntchito ya munthu. Ndipo iye anali ndi njira yodziwira zimene zikutuluka. Kuyambira mu 1770 anali mlembi wa bungwe la akatswiri a sayansi la ku Göttingen komanso mkonzi wa magazini yawo younika mabuku atsopano, Göttingische Gelehrte Anzeigen. Buku likagulidwa linkapita kwa pulofesa wa phunzirolo kuti aliunike m'magaziniyo, kenako n'kubwerera pa shelefu. Iye mwini analemba ndemanga masauzande angapo. Laibulale inkadyetsa magazini, magazini n'kumadziwitsa dziko lonse zimene zili mu laibulale.

Za kubwereketsa, inde anazipeza, koma akanatha kuzithetsa mabuku atachuluka ndi kukwera mtengo. Sanatero. Wophunzira ankatenga buku kupita nalo kuchipinda chake, bola pulofesa wasayina kapepala komuikira umboni. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene anasowapo ndalama yogulira buku ku Leipzig ankadziwa bwino kufunika kwa chilolezo chimenechi.

Mwana_wa_telala:
Amayi, pamenepo ndikugwirizana nanu. Kodi ophunzira osauka ankawathandizanso mwanjira ina, kapena zinathera pa mabuku?

Wachilatini:
Ankawathandiza. Yunivesite inali ndi dongosolo la chakudya chaulere cha ophunzira ovutika, ndipo Heyne ndiye ankaliyang'anira. Analinso mkulu wa semina ya Chilatini ndi Chigiriki imene Gesner anayambitsa, momwe ophunzira ochepa osankhidwa ankalandira kandalama pokonzekera uphunzitsi. Mu seminamo sankangomvera. Wophunzira ankapatsidwa ndime kuti aimasulire pamaso pa anzake, kulemba nkhani yake, n'kuiteteza ena akamamutsutsa. Kaphunzitsidwe kameneka kanafalikira m'mayunivesite a ku Germany, kenako kunja. Anakonzanso sukulu ya ku Ilfeld imene inali italowa pansi.

Ndinenepo za uphunzitsi wake, poti ndi kumene mtima wanga uli. Asanabwere iye, ambiri ankawerenga alakatuli akale pofuna galamala ndi mawu okoma oti azikometsera Chilatini chawo. Heyne ankafunsa kuti anthu amene analemba izi ankakhala bwanji, ankapembedza chiyani, malamulo awo anali otani, ankasema zotani. Ali ku Dresden anadziwana ndi Winckelmann, katswiri wa zosema za Agiriki ndi Aroma, amene ankabwera kudzawerenga mu laibulale ya Brühl, ndipo kuyambira mu 1767 Heyne anayamba kuphunzitsa za ziboliboli ndi zotsala zakale, n'kuyambitsa kusonkhanitsa zifanizo za pulasitala za ziboliboli za Agiriki ndi Aroma. Anaziika mu laibulale momwemo kuti wowerenga aziona ndi maso zimene akuwerenga. Pa nthano za milungu ya Agiriki, ena ankati ndi mabodza a alakatuli, ena ankati ndi nzeru zobisidwa dala. Iye ankati ndi njira imene anthu akale, asanakhale ndi zolemba, ankafotokozera chilengedwe ndi kusungira mbiri yawo, ndipo ankaziyerekeza ndi zimene apaulendo ankasimba za mitundu ina ya anthu. Ife amene tinamva nkhani ya Kaphirintiwa kwa agogo athu sitivutika kumvetsa mfundo imeneyi, ngakhale kuti mawu amene iye ndi anzake ankatchulira mitundu inayo anali onyoza, monga zinalili nthawi imeneyo.

Virgil wake anatuluka m'mabuku 4 pakati pa 1767 ndi 1775, ndipo za alakatuli a Chigiriki zinatsatira: Pindar mu 1773, ndi Iliad ya Homer mu 1802. Abale awiri a Humboldt, Wilhelm ndi Alexander, amene anadzakhala akatswiri otchuka, anakhalapo m'kalasi mwake, chimodzimodzinso mlakatuli August Wilhelm Schlegel.

aNgozo:
Aphunzitsi, mwatchula ophunzira amene anamukonda. Tchulaninso Friedrich August Wolf. Mnyamata ameneyu anafika mu 1777, nayenso wosauka, akufuna kulembetsa ngati wophunzira wa zinenero zakale basi, osati zaubusa. Heyne anamugwetsa ulesi, akuti ntchito za phunziro limenelo n'zochepa kwambiri, ndipo pambuyo pake anamukaniza kulowa m'kalasi yake ya Pindar. Mu 1795 Wolf, ali pulofesa ku Halle, anatulutsa buku lake lonena kuti ndakatulo za Homer zinayamba ngati nyimbo zapakamwa ndipo zinalumikizidwa pambuyo pake. Heyne poliunika anaonetsa ngati mfundozo iye anakhala akuziphunzitsa kalekale. Wolf anapsa mtima n'kusindikiza makalata omuyankha mu 1797. Johann Heinrich Voss, wophunzira wakenso, amene anamasulira Homer m'Chijeremani, analimbana naye kwa zaka zambiri. Ophunzira awiri aluso chotere akamuukira mphunzitsi mmodzi, ine ndimati pali chimene mphunzitsiyo ankalakwitsa. Munthu woti anathandizidwa ndi Ruhnken, mlendo wosamudziwa, ankayenera kumutsegulira Wolf khomo.

Wachilatini:
Pa nkhani ya mu 1777 sindimuteteza kwathunthu. Ndingoti chenjezo lake linachokera pa zimene anadutsamo: iye anadziwa njala ya munthu wodziwa Chigiriki wopanda ntchito, ndipo mphunzitsi aliyense amene anaonapo mwana waluso akusankha njira yopanda malipiro amadziwa mantha amenewo. Ndiponso ndi Heyne yemweyo amene anamupezera Wolf ntchito yake yoyamba ya uphunzitsi ku Ilfeld. Za Homer, n'zoona kuti Heyne ankakayikira kale zoti ndakatulozo zinalembedwa ndi munthu mmodzi, koma kukayikira m'kalasi n'kosiyana ndi kumanga umboni mwadongosolo monga anachitira Wolf. Pamenepo ulemu ndi wa Wolf, ndipo Heyne akanachita bwino kuvomereza poyera. Pa luso losefa zolemba pamanja kuti upeze mawu enieni a mlembi, a m'badwo wotsatira anamuposa kutali. N'chifukwa chake ndinayamba ndi kunena kuti chachikulu chake ndi laibulale. Iliad yake inatsutsidwa kwambiri itangotuluka ndipo lero amaitsegula ndi akatswiri ochepa, pamene mabuku amene anagula akuwerengedwabe, ena mwa iwo pa intaneti.

Mwana_wa_telala:
Ine ndikufuna tinenepo za mwana wake wamkazi, chifukwa tatchula akamwini okhaokha. Therese, wobadwa mu 1764, anakulira pakati pa mabuku onsewo koma sakanaloledwa kulembetsa pa yunivesite imene bambo ake ankaiyendetsa. Anadziphunzitsa yekha powerenga. Mu 1785 anakwatiwa ndi Georg Forster, amene anayenda ndi James Cook pa ulendo wake wachiwiri wozungulira dziko. Banjalo silinayende bwino, ndipo Forster atamwalira ku Paris mu 1794 anakwatiwa ndi Ludwig Ferdinand Huber. Nkhani zake zoyamba zinkatuluka m'dzina la mwamuna wake wachiwiriyo. Pambuyo pake, ali Therese Huber, anakhala mkonzi wa nyuzipepala yotchuka ya Morgenblatt ya kampani ya Cotta kwa zaka zingapo. Pa ana onse a m'nyumba imeneyo, amene anatengera ntchito ya ukonzi ya bambo ake ndi iyeyu, koma makomo amene ankatsegukira anyamata osauka kwa iye anali otseka. Dorothea Schlözer, mwana wa pulofesa mnzake wa Heyne, anapatsidwa digiri ya udokotala mu 1787, koma zinali zapadera kwambiri moti sizinasinthe lamulo.

Mlendo_ku_Kassel:
Achemwali mwakumbutsa chinthu chofunika. Ndiwonjezere za kumene chitsanzo cha laibulaleyi chinafika. Goethe, mlembi wotchuka wa ku Germany, anaigwiritsa ntchito mu 1801 pofufuza za mitundu ya kuwala, ndipo anaiyerekeza ndi chuma chachikulu chimene chimabala chiwongoladzanja mwakachetechete. Heyne atamwalira, anyamata a ku America anayamba kubwera: George Ticknor ndi Edward Everett mu 1815, kenako Joseph Green Cogswell. Ticknor analembera kwawo kudandaula kuti laibulale ya Harvard ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi imene anaiona kuno. Cogswell anaphunzira kayendetsedwe ka makaundula a ku Göttingen, n'kukakhala woyang'anira laibulale ya Harvard, ndipo pambuyo pake anakhala woyang'anira woyamba wa Astor Library ku New York, imene inadzakhala mbali ya New York Public Library.

Nasibeko:
Achimwene, zikomo, za Cogswell zandisangalatsa. Aphunzitsi, funso langa lomaliza: atamwalira, kodi panapezeka munthu wina wosenza ntchito zonsezi pamodzi?

Wachilatini:
Ayi amayi, anazigawa. Heyne anamwalira pa 14 Julayi 1812 ali ndi zaka 82, akadali pa ntchito. Laibulale inapita kwa Reuss, ndipo uphunzitsi unapita kwa ena, mpaka mu 1819 pamene kunabwera Karl Otfried Müller, amene anapitiriza za nthano ndi ziboliboli zija. Mwambo woika katswiri wa Chilatini ndi Chigiriki pa mpando wa laibulale unapitirirabe ku Germany kwa nthawi. Friedrich Ritschl anachita zotero ku Bonn kuyambira mu 1854, ndipo anaphunzitsa anyamata ake ntchito ya makaundula. Mmodzi mwa iwo, Karl Dziatzko, anabwera ku Göttingen mu 1886 kudzakhala mkulu wa laibulale, ndipo anamupatsanso upulofesa wa maphunziro a ntchito ya laibulale, woyamba wa mtundu umenewo m'dziko la Germany. Kuyambira nthawi imeneyo ntchito yanuyi inayamba kukhala ndi maphunziro ndi mayeso akeake, ndipo mu 1893 boma la Prussia linakhazikitsa lamulo la zoyenera kuti munthu akwaniritse asanalembedwe ntchito mu laibulale ya yunivesite.